Ulemu Upite kwa Mawu Opyapyala

Mwa onse otumikira anthu a ku St Mary's ku Chitungwiza, palibe wonyozedwa ngati kavuto kaja kosandutsa mawu a bambo wandevu kukhala a kamwana m'vidiyo ya ukwati. Ojambula amakatukwana, eni ukwati amafuna kubwezeredwa ndalama. Ine ndikuti tikawombere m'manja, pakuti kamagwira ntchito imene inakanika apampando onse a maukwati.

Gwero lake ndi masamu, si ufiti ayi. Zojambulira mawu zina zimatapa tizidutswa 44,100 pa sekondi, pomwe makamera ambiri amatapa 48,000. Mnyamata wa pa Huruyadzo kapena pa Chigovanyika akaphatikiza ziwirizi pa kompyuta, pulogalamu n'kuwerenga mawu oyambawo pa liwiro la kamera, mawuwo amathamanga ndi pafupifupi 9 peresenti, n'kupyapyala. Ndiye taonani phindu lake: malangizo a ankhoswe a ola lathunthu amatha m'mphindi 55. Ndani wina anadulapo ankhoswe mphindi zisanu osalipitsidwa nkhuku? Nawonso agogo a zaka 80 amabwezeredwa liwu la utsikana popanda kumwa mankhwala.

Ena akuti n'chipongwe kwa akuluakulu. Odandaulawo akumbuke kumene akukhala. St Mary's ndi kwawo kwa zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzasaka ntchito, ndipo Gule Wamkulu adakavinidwabe kumeneko. Chilombo chikatuluka ku dambwe chimayankhula mopyapyala, koma wochiseka sanabadwe, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza gule ameneyu. Ku America, Ross Bagdasarian anapeza chuma mu 1958 pothamangitsa dala tepi ya mawu ake, mpaka panabadwa Alvin and the Chipmunks. Ngakhale ife, kwa zaka zambiri taonera pa wailesi yakanema mafilimu ojambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi akuyendetsedwa pa 25, mawu atakwera pang'ono, tili phee.

Dandaulo lolemera ndi lakuti milomo ndi mawu zimasiyana njira. Zoonadi. Kumayambiriro zimayendera limodzi, koma pofika pa perekaniperekani mawu amakhala ali patsogolo: "Ameni" wamveka kale abusa akadatsinzina, ndipo lonjezo la mbuzi likutuluka pakamwa pa mayi amene akungotafuna mpunga. Koma kodi si chifundo chimenecho? Amalume amene analonjeza mbuziyo atakhuta mowa apulumuka, chifukwa umboni wake sungaime pabwalo lililonse.

Adani a kavutoka ali ndi chida, chaulere ndithu, chotchedwa Audacity, chimene chakhalapo kuyambira mu 2000. Wodziwa ntchito amachotsa mawu m'vidiyomo, n'kuchepetsa liwiro lake ndi 8 peresenti ndi kanyenyeswa, n'kuwabwezeramo. Besi ya ankhoswe imabwerera, mphindi zisanu zija nazonso. Wophunzira kumene amadina batani la Change Pitch lokha, mawu n'kutsika koma milomo ikadali m'mbuyo, basi wataya mawu opyapyala aja n'kusunga choipa.

Pamodzi pokha ndikugonja. Gitala ya besi ya woimba Alick Macheso siyofunika kuipyapyalitsa, ndipo woichita zimenezo asaloledwe kujambulanso ukwati mu Chitungwiza monse. Choncho inu ojambula, nyimbo zikonzeni, koma ankhoswe asiyeni momwemo.