Mwana nayenso ali ndi msana

Basi yochokera ku Lusaka ikaima pa Nyimba, mawindo onse amadzaza nthochi. Tsiku lina masana, basi itanyamuka kulowera ku Chipata, amayi ogulitsa anabwerera pamthunzi, ine ndili pabenchi pafupi nawo kudikira galimoto. Mtsikana wa yunifolomu, wa zaka ngati 12, anatula beseni pansi n'kugwira khosi ndi manja awiri.

"Amama, khosi laumanso."

"Iwe, khosi lanji? Mwana n'kumadandaula ngati nkhalamba? Senza, ikubwera ina."

Bambo wokonza njinga pambali anatukula mutu. "Ndi mafoni awa, amayi. Ana a masiku ano mutu uli pansi tsiku lonse."

"Foni aitenga kuti? Ngakhale ineyo yanga ndi ya mabatani."

Pomwepo mkulu wina wa imvi, amene onse ankamuitana kuti aphunzitsi, anasendeza mpando. "Amake mwana, m'funseni kumene amakhala m'kalasi."

Mtsikanayo anayankha chapansipansi kuti amakhala anayi pa desiki ya anthu awiri, ndipo iye ali kumapeto, thako limodzi panja. Polemba amapotoza thupi kuti chigongono cha mnzake chisamugunde.

"Mwamva?" anatero aphunzitsi. "Boma litachotsa malipiro a sukulu mu Januwale 2022, ana anakhamukira m'makalasi, ndipo n'chinthu chabwino zedi. Koma ambiri anafikira pansi, kope pabondo, msana utapindika kuyambira m'mawa. Ndalama za CDF, zotukulira dera la phungu aliyense, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni chaka chomwecho, ndipo ena mwa madesiki atsopano anagulidwa ndi ndalama zimenezo. Komabe kumene desiki yafika, ana achuluka kuiposa. Kwinanso wa Giredi 2 ndi wa Giredi 7 akhalira desiki ya msinkhu umodzi, wina miyendo ili lende, wina mawondo akugunda thabwa."

Wokonza njinga uja sananame kotheratu. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo mu 2014 dokotala wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengera kuti ukaweramitsidwa kwambiri, khosi limanyamula ngati makilogalamu 27. Anyamata amene amaunjikana pa tuntemba ta pa Petauke, maso ali pa Facebook mpaka dzuwa kulowa, khosi limawauza madzulo. Koma kuloza foni n'kosavuta, chifukwa mlandu umagwera mwana. Katundu amene timamusenzetsa tokha sitimutchula.

Chigubu cha malita 20 chikadzaza madzi chimalemera makilogalamu 20. Kwa mtsikana wolemera makilogalamu 40, ndiye kuti theka la thupi lake lili pamutu, nkhata ndi kansalu kopyapyala. Madokotala ambiri amalangiza kuti chikwama cha sukulu chisapitirire kwenikweni gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa mwana. Pamenepa chigubu chapyola kasanu. Pa chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse mu Febuluwale, zitsime zambiri zinaphwa ndipo mtunda wokatunga unatalika. Amene anauyenda kwambiri ndi atsikana. Akachoka kumadzi apite kusukulu, akaweruka abereke mng'ono wawo, kenako beseni la nthochi. Mayi uja sindimuweruza, pakuti nthochizo ndiye ndiwo za madzulo. Chimene chimandipweteka n'chakuti mwana akanena kuti kukuwawa, timamva ngati ulesi.

Ku Petauke ndinaimvanso nkhaniyi pamsika, pakati pa amayi awiri osankha tomato. Wina, mwa kayankhulidwe kake, anali wa zachipatala.

"Asisi, wanga uja akulirabe msana. Ndam'thowa ndi madzi otentha, ndam'patsa Panadol, palibe."

"Kumawawa nthawi yanji?"

"Usiku makamaka. Amachita kudzuka."

Wa zachipatalayo anasiya tomato. "Ayi, umenewo si wa desiki. Wa kakhalidwe umatha mwana akaimirira, akadziwongola, akasewera mpira. Chimene msana sufuna ndi kukhala mpangidwe umodzi nthawi yaitali, n'chifukwa chake mphunzitsi wanzeru amawaimiritsa ana pakati pa phunziro. Madzi muziwagawa m'zigubu zing'onozing'ono, chikwama chizikhala pa mapewa onse awiri. Koma wodzutsa mwana usiku ndi wina. Thupi limatentha? Akuonda?"

"Waondako, inde."

"Mum'vule malaya mum'yang'ane kumsana ali chiweramire. Mukaona fupa latumphuka, kapena phewa lina lakwera kuposa linzake, kapena akuti miyendo ikuchita dzanzi, musadikire. TB simangokhala m'mapapo, imalowanso m'mafupa a msana, ndipo mukachedwa mwana amachita linunda, mwinanso kulephera kuyenda. Mankhwala ake ndi aulere ku chipatala cha boma. Chipatala cha Kalindawalo chili pompano, cha Minga nachonso si kutali."

"Atate ake amati tiyambe tapita naye kukatemera mphini."

"Auzeni kuti mphini sizifika pafupa. Mawa m'mawa mubwere naye, mutenge ndi kabuku kake ka kuchipatala."