Mapanga awiri avumbwitsa, nanga makumi awiri?

Akuluakulu ponena kuti mapanga awiri avumbwitsa, ankachenjeza munthu wa mitima iwiri, wothamangira uku ndi uko mpaka mvula kumuthera pathupi. Sankadziwa kuti kudzabwera intaneti, kumene umakumba phanga limodzi, kukacha n'kupeza ena akukumbira makumi awiri osawapempha.

Tinene kuti mumagulitsa nsapato pa webusaiti. Tsamba ndi limodzi, adiresi ndi imodzi. Wina akadina linki yanu pa Facebook, kumapeto kwake kumamera mchira wotchedwa fbclid, khalidwe lomwe linayamba mu 2018. Otsatsa malonda amamatapo utm_source, cholowa cha Urchin, kampani imene Google inagula mu 2005. Mu 2024 eni masitolo anadzidzimuka kuona srsltid ya Google Merchant Center itatulukira pa zotsatira wamba za Google yemweyo. Michira yonseyi ntchito yake ndi miseche: kuulula kumene kasitomala wachokera.

Kasitomalayo akuona nsapato yomweyo. Koma kwa Googlebot, loboti ya Google yoyendera masamba, adiresi ikasiyana ndi inzake chilembo chimodzi chokha, ndi phanga lina. Amalowa, amatuluka, amalowanso, mpaka nthawi yoti aone katundu wanu watsopano n'kuthera pa nsapato imodzi. Anthu nawo amakopera linki ndi mchira wake womwe, ndiye mphamvu imene ikanakweza tsamba limodzi imatha kugawikana. Google sakulangani ayi. Amangodzisankhira phanga loti likhale lenileni, nthawi zina lomwe inu simulifuna. Wovumbwa ndinu, muli phee patsamba lachiwiri la zotsatira, kumene sangakupezeni ngakhale wokulondani ngongole.

Mankhwala alipo. Mu 2009 Google, Yahoo ndi Microsoft anagwirizana za rel="canonical", chikwangwani chonena kuti kwathu kwenikweni ndi kuno. Chiikeni, koma dziwani kuti Google amachimva ngati pempho, osati lamulo. Chida cha mu Search Console chomwe chinkathandiza kumuuza michira yoti asaisamale anachichotsa mu 2022. Apple nayo inabwera ndi sizasi: kuyambira iOS 17, michira ina imadulidwa mu Mail ndi Messages.

Nanunso musanatumizire azakhali linki pa WhatsApp, imeteni. Koma dzanja lisathamange. Pa YouTube mukachotsa ?v= ndi zilembo zotsatira, mwadula mutu, ndipo azakhali adzakuimbirani usiku kufunsa kumene kwapita kwaya yawo.