Kodi Mwana Angawerengere Akulu?

Ine ndinakula ndikuganiza kuti Ayuda anathera m'Baibulo, limodzi ndi Afarisi ndi Afilisti. Ndiye mundiuze, anthu awa a ku Golders Green, amene Loweruka m'mawa amayenda pansi galimoto zili pakhomo, abambo atavala tizipewa pa liwombo, ana ali ndondondo pambuyo, ndi ndani?

Agogo amene ndimawasamalira anaseka nditawafunsa. Akuti kalembera wa 2021 anapeza Ayuda oposa 270,000 ku England ndi Wales, ndipo oposa theka ali mu London muno. Mfumu Edward I inawapirikitsa mu 1290, anabwerera mu 1656 nthawi ya Oliver Cromwell, ndipo sunagoge wa Bevis Marks amene anatsegulidwa mu 1701 anthu akupempheramobe mpaka lero. Chabwino. Koma nanga galimoto zalakwanji?

Akuti Sabata limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa, ndipo osunga mwambo sayendetsa galimoto, sayatsa magetsi, sanyamula katundu kunja kwa nyumba. Ndinafunsa kuti nanga khanda limakafika bwanji ku sunagoge? Anandilozera kawaya kopyapyala pamwamba pa mapolo. Kuyambira 2003 waya ameneyu amazinga dera lonse, ndiye m'kati mwake amati ndi pakhomo, mayi akhoza kukankha ngolo ya mwana. Waya wokha basi, msewu wa mabasi n'kusanduka bwalo la panyumba? Ndinangoti zikomo agogo, koma mutu sunagwire.

Lamulungu m'mawa chidzukulu chawo chimapita ku cheder, kalasi ya ana ku sunagoge. Mwana waphunzira kale Lolemba mpaka Lachisanu, akafunenso chiyani? Amakaphunzira zilembo 22 za Chiheberi, zowerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere. Tsiku lina nditaona atatsegula buku chakumapeto ndinafuna kumutembenuzira, iye n'kundiyang'ana ngati wosokonezeka ndine.

Chimene chinandisowetsa mtendere kwenikweni ndi bar mitzvah ya mkulu wake. Mnyamata wa zaka 13, mawu asanakhwime n'komwe, anakwera pa nsanja pakati pa sunagoge. Anamufunyululira mpukutu wa Torah, mabuku asanu a Mose olembedwa pamanja pa chikopa, wopanda timadontho tosonyeza katchulidwe. Sagwira zilembo ndi chala, amalozera ndi kandodo kasiliva kokhala ndi kadzanja kunsonga. Anayamba kuwerenga moimba, madoda aimvi ali chete kumvetsera. Atapunthwa pa liwu lina, abambo awiri atatu anamukonza mokweza, iye n'kubwereza, osalira, osathawa. Atamaliza, amayi anayamba kumugenda ndi maswiti, tiana n'kumakwawa pansi kutola.

Kwathu chinamwali chimachitikira kobisika, namwali amaweramitsa mutu, anamkungwi ndiwo amalankhula. Kuno namwali ndiye akulankhula, akulu ali phee. Kodi si kumupatsa mwana matama kumeneku? Kapena mwana amene wanyamula mawu olemera chotere pamaso pa anthu amayamba kudziona kuti nayenso ali ndi ngongole ku mpingo? Akuti kuyambira tsikulo amawerengedwa pa amuna khumi ofunika kuti mapemphero ena achitike. Nanga atsikana? Awo ndi pa zaka 12 kapena 13, ndipo m'masunagoge a Reform mtsikana amawerenga mpukutu ngati mnyamata, pomwe kwa a Orthodox amayi amakhala mbali yawo. Ndiye Ayuda nawonso ali ndi mipingo yosiyana? Agogo anangogwedeza mutu, amvekere usayambe nkhani imeneyo tisanadye.

Pa Pasika ndiye zinanyanya. Banja lonse lili patebulo, mkate wopanda chofufumitsa uli apo, koma nkhani ya kutuluka mu Ejipito siyamba mpaka kamwana kakang'ono kuposa onse kataimirira n'kufunsa mafunso anayi. Amachita kukaphunzitsa kufunsa! Kenako amabisa chibenthu cha mkate, ana n'kumagudubuza mipando kuchifuna, wochipeza alandira mphatso. Pa chikondwerero cha Purim ana amaloledwa kuchita phokoso m'sunagoge dzina la Hamani likatchulidwa. M'nyumba yopemphereramo, phokoso lochita kulamulidwa?

Funso limodzi ndinazengereza nalo. Pa geti la sunagoge pamaima mlonda atavala chovala chokhuthala pachifuwa, wailesi ili m'manja, ndipo mlendo amafunsidwa kuti wabwera kwa yani. Bungwe la Community Security Trust limaphunzitsa anthu ntchito imeneyi. Ana opita kukaphunzira zilembo akuwalondera chifukwa chiyani? Agogo sanayankhe msanga. Anati ndikadzadutsa pa Liverpool Street Station ndidzaone chosema cha ana onyamula masutikesi, chikumbutso cha ana pafupifupi 10,000 amene anafika m'dziko muno mu 1938 ndi 1939 pothawa a Nazi, makolo atatsala.

Ndinafunsa mlondayo kuti amalandira zingati. Anati salandira kanthu, mwana wake ali m'kalasi momwemo, ndipo sabata yamawa pagetipo padzaima bambo wina.