Kalata yochokera ku Joni: bokosi lakudalo si mpando

Mayfair, Johannesburg

Achimwene,

Mphwanu ali moyo kuno ku Joni, kaya inu kwa Dzooleko pamodzi ndi alamu, ana ndi atsibweni. Chisanu cha kuno chamung'amba milomo, koma ntchito ya m'dimba la abwana ikuyenda. Kalatayi yatsagana ndi makatoni atatu amene akwera basi pa Park Station. Adzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, n'kulowa m'dziko pa chipata cha Dedza. Mukakawalandira ku Lilongwe muwakweze minibasi ya ku Mponela, koma katoni yaikuluyo kondakitala asayisandutse mpando wa munthu wachisanu pamzere.

Kutumiza chinthu chaphokoso kumudzi si mwambo wa lero. Agogo aja ankapita ku migodi ndi bungwe la Wenela ankabwerako ndi njinga, mabulangete, sutikesi yachitsulo ndi wailesi kapena galamafoni, mudzi wonse n'kudzaza pakhonde. Kamuzu anaimitsa maulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Bungwe la Theba linadzapitiriza maulendowo mpaka 1988. Masiku ano kulibe kontalakiti, aliyense amadzikwerera basi yekha, koma maso a kumudzi sanasinthe. Wobwera kuchokera ku Joni chimanjamanja, wopanda ngakhale kasipika, anthu amanong'onezana kuti wadzera ku Lindela, kumene amasungira anthu obwezedwa kwawo.

Choncho mphwanu watumiza risiva imodzi yogawira mawu ku masipika, timasipika tisanu ndi chibokosi chakuda chimene anyamata amachitcha sabuwufa, ena amangoti wufa. Bokosili si mpando wa atsibweni, si poika mbale za ndiwo, ndipo bowo lili mmunsimo si khomo la mbewa. Ntchito yake ndi imodzi yokha: besi, mawu okhuthala aja omveka m'chifuwa. Akatswiri amayeza mawu powerenga kuti mpweya wanjenjemera kangati pa sekondi, n'kumalemba Hz. Khutu la munthu limayambira pa 20 Hz kukafika cha ku 20,000 Hz. Wufa imangogwira kachigawo ka pansi penipeni, kuyambira cha ku 20 mpaka cha ku 120. Nambala ija yalembedwa pakatoni, 5.1, ikunena zomwezo: 5 ndi masipika a kumanzere, kumanja, pakati ndi awiri a kumbuyo, pomwe .1 ndi kanjira ka mabingu, mabomba ndi zigumula, kotchedwa LFE. Kachitidwe kameneka kanatchuka m'nyumba za kanema mu 1992, pamene filimu ya Batman Returns inatuluka ndi mawu a Dolby Digital.

Choyamba kukudabwitsani ndi pulagi. Magetsi a kuno ndi a kwathu ndi ofanana mphamvu, 230V, koma mapulagi a ku Joni ali ndi mano atatu obulungira pomwe masoketi a ku Malawi amalandira mano a makona. Mugule adaputa pa Mponela, kapena wamagetsi adule pulagiyo aikepo ya kwathu. Nzeru ija yosenda mawaya n'kuwakhomera m'soketi ndi timitengo ta machesi ithere pa tchaja ya foni. Katunduyu wadya marandi a miyezi yambiri.

Kulumikiza kwenikweni ndi kwa chingwe chimodzi, chija chili ndi mitu yobulungira yonga ya zingwe za DVD. Mutu umodzi ulowe kuseri kwa risiva pamene palembedwa SUB OUT kapena SUBWOOFER PRE OUT. Winawo ulowe kuseri kwa wufa pamene palembedwa LFE. Ngati pangolembedwa LINE IN ndi mabowo awiri, loyera ndi lofiira, lowetsani loyeralo, basi. Kenako wufayo ilandire magetsi akeake, chifukwa m'mimba mwake muli ampulifaya yake. Zonsezi muzichita zipangizo zili chozimitsa.

Nkhani ya ampulifaya yam'mimbayi inamuliza mnyamata wina wa ku Ntchisi amene amakhala ku Diepsloot. Iye anagula wufa m'sitolo ya katundu wogwiritsidwa kale ntchito, yotsika mtengo moti anaisenza pamutu akuimba. Kuseri kwake kunali timano tiwiri tokha tomanapo waya, popanda chingwe cha magetsi, chifukwa inali yotsala pa seti ya DVD imene ampulifaya yake imakhala m'makina osewerera filimu. Mnyamatayo anadula chingwe, napota mawaya, nalumikiza ku SUB OUT, naitana anzake a chipinda choyandikana. Filimu inayamba, galimoto inaphulika, bokosi lili duu. Anakalalata kusitolo kuja m'Chizulu chake chothyokathyoka, koma bokosilo linalibe mlandu. Chotuluka pa SUB OUT ndi kauthenga chabe kopanda mphamvu yokankha sipika, ndipo wufa yamtundu umenewo imafuna ampulifaya yapadera pakati. Imene mwalandirayi ili ndi chingwe cha magetsi ndi kanyali kuseri. Kanyaliko kakayaka, ndiye kuti ili maso.

Tsopano pali pamene amuna ambiri a kuno amagwera, ndipo mphwanu akupempha kuti ndime iyi muiwerenge kawiri. Munthu amalumikiza zonse bwinobwino, kuika filimu ya nkhondo, nyumba n'kugwedezeka mpaka mwininyumba kubwera kudzagogoda. Mawa lake amaika fulashi ya nyimbo za Black Missionaries kapena za malemu Lucius Banda, gitala ya besi ija osamvekanso, wufa ili phee ngati yanyanyala. Ayesa amapiano a Kabza De Small, amene moyo wake wonse uli mu log drum, zimangomveka kwete kwete m'timasipika. Pamenepo ena amayamba kumenya bokosi ndi chikhatho, ena kukayikira mnzawo wogona naye chipinda kuti wabamo kanthu.

Chifukwa chake n'chakuti filimu ya 5.1 imabwera ndi kanjira kakekake ka wufa, LFE ija, pomwe nyimbo zili ndi njira ziwiri zokha, kumanzere ndi kumanja. Wufa kuti idye nawo nyimbo, risiva iyenera kutapa besi m'njira ziwirizo n'kuipatsa. Imachita zimenezi pokhapokha itauzidwa kuti masipika enawo sangaikwanitse besiyo. Mukatenga rimoti n'kulowa pa Setup, kenako pa Speakers, mupeza funso loti sipika iliyonse ndi Large kapena Small. Vuto lagona pomwepa. Mwamuna amene wakolopa m'nyumba za anthu ku Randburg mpaka kugula masipika ndi thukuta lake salola kulemba ndi chala chake kuti ndi aang'ono. Amasankha Large pa onse asanu, mtima n'kukhala m'malo. Risiva imamvera mwini wake, n'kutumiza besi yonse ku timasipika tosaposa njerwa, chibokosi chija n'kumangodya magetsi.

Sankhani Small pa onse, ngakhale alendo akuona. Pa Subwoofer sankhani Yes. Pa Crossover ikani 80 Hz, umene ndi muyeso wa kampani ya THX ndipo marisiva ambiri amautsata. Mawu onse otsika kuposa pamenepo adzapita ku wufa, otsalawo ku masipika. Popeza timasipika mwalandirati n'tating'ono ndithu, mukamva ngati pakati pasoweka kanthu kwezani pa 100 kapena 120. Opanga makinawa amawadziwa amuna okana Small, n'chifukwa chake anawaikira khomo la kuseri: Denon ndi Marantz amalitcha LFE+Main, Yamaha amati Extra Bass, Onkyo amati Double Bass. Besi imatuluka konsekonse, koma kawirikawiri imachuluka n'kusanduka phala. Palinso batani lolembedwa Pure Direct, limene pa marisiva ambiri limaisiya wufa kunja pomvera nyimbo. Mwana akalidina mwangozi, musaitanitse msonkhano wa banja.

Kuseri kwa bokosi kuli tozungulira tiwiri ndi kaswitchi. Ka Volume kayambire pakati. Ka Crossover mukapotoze mpaka kumapeto, chifukwa ntchito yogawa mawu yatha kale ku risiva, ndipo ogawa akakhala awiri besi ina imatayikira panjira. Kaswitchi ka Phase kali ndi 0 ndi 180. Inu mukhale pampando nyimbo ikulira, mwana azisintha kuseriko, ndipo pamene besi yamveka yodzaza bwino, kasiyeni pomwepo. Ngati zonse zikumveka chimodzimodzi, kakhale pa 0, mwanayo akasewere.

Poika bokosi m'pamene pali matsenga enieni, ngakhale kuti ndi masamu. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, motero funde limodzi la 80 Hz ndi lotalika mamita 4 ndi kakusefukira, la 40 Hz limaposa mamita 8. Balaza lanu silifika pamenepo. Mafundewo amagunda makoma n'kubwerera, pena n'kuonjezerana, pena n'kufafanizana. N'chifukwa chake wokhala pafupi ndi khoma amadandaula kuti mutu ukuwawa, wokhala pakati pa chipinda akufunsa ngati wufa yayatsidwa. Ubwino wake ndi woti khutu silidziwa kumene besi ikuchokera. Zili ngati ng'oma yaikulu ya gule usiku: imamveka kutsidya kwa dambo, koma kuti uloze mudzi umene ikulira umayamba wadikira mbalule. Wufa ingakhale pambali, pansi pa tebulo kapena kutsogolo, malinga ikumveka bwino. Pakona imakuwa kwambiri, zimene zimathandiza m'chipinda chachikulu koma zimasokosa m'chaching'ono.

Akatswiri ali ndi njira yopezera malo abwino, ndipo si nthabwala. Bokosi limaikidwa pampando umene mwini nyumba amakhalapo, nyimbo ya besi yambiri n'kuyatsidwa, mwini nyumbayo n'kumakwawa m'mbali mwa makoma khutu lili pafupi ndi pansi. Pamene besi yamveka yosalala, yosabangula, m'pamene bokosi likakhale. Musanayambe muwauze alamu chimene mukuchita. Munthu wa ndevu zake kupezeka akukwawa pabalaza masana, bokosi litakhala pampando wake, akulu a mpingo angafike asanamalize khoma lachiwiri.

Likadzayamba kulira, china chilichonse chosakhazikika m'nyumbamo chidzayankha. Malata amene misomali yake inakhwepa, magalasi a mawindo, makapu a pashelefu, chithunzi cha ukwati chija, zonse zidzalowa kwaya. Musanene kuti wufa yang'ambika. Yendani ndi hamala, khomani pofunika kukhoma, ndipo pansi pa bokosi muyalepo kachidutswa ka kapeti kapena labala.

Za magetsi mphwanu akudziwa kuti mudalira sola ndi batire. Besi ndi imene imadya moto kwambiri pa zonse, choncho usiku wa filimu batire likhale lodzaza, ana asalitherepo ndi mafoni. Ma inveta otchipa amatulutsa magetsi osasalala, ndipo wufa imawaulula ndi kulira kwa mmmm kosalekeza. Yabwino ndi yolembedwa pure sine wave. Kulira komweko kumabweranso ngati risiva ndi wufa zikudya m'masoketi osiyana, ndiye muzilumikize pa ekisitenshoni imodzi. Kukapitirira, zulani chingwe cha dishi mumve ngati kwasiya, chifukwa nthawi zambiri wolakwa amakhala ameneyo. Mvula ya mabingu ikayamba, zulani zonse kukhoma. Mphezi ya ku mapiri a Dowa siidziwa mtengo wa randi.

Mphwanu wamvanso kuti mukuganiza zotsegula vidiyo sho anthu akayamba kulandira za fodya ku Kanengo. Maganizowo ndi abwino, koma mudziwe kuti mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene anyamata amaikitsa m'mafulashi, ambiri amakhala ndi njira ziwiri zokha ngati nyimbo. Popanda Small uja, Rambo adzawombera mfuti yolira ngati chitedze chouma chikuthetheka, ana n'kufuna ndalama zawo. Volume ya wufa isapitirire mpaka kumiza mawu a womasulira, popeza anthu amalipirira nthabwala zakezo. Pamudzi pakagwa zovuta bokosi likhale chete mpaka anthu atabwerako kumanda, chifukwa besi imadutsa makoma ngakhale mutatseka zitseko, ndipo kwa a nyakwawa mlandu wake ndi wa nkhuku kapena mbuzi, zimene mphwanu sanaziike pa bajeti.

Ya adaputa ndi ya minibasi ibwera pa Mukuru mwezi ukatha. Dalaivala yemwe wabweretsa katunduyu mumupatsire mtedza wa chalimbana ndi ufa woyera pang'ono, poti wa kuno umakhuta m'mimba mokha, mtima osamva kanthu. Usiku woyamba mujambule mawu pa WhatsApp mutumize, ngakhale kuti kasipika ka foni besi sikaitha, mphwanu adzangomvera kukuwa kwa ana ndi kulira kwa malata. Atsibweni muwauze kuti jekete lawo lili m'katoni yachiwiri, lakulunga risiva, ndipo alivale pokhapokha risivayo itatulutsidwamo.

Mupereke moni kwa onse,

Mphwanu wa ku Joni