Kuzonda wodwala amene sakudwala

Kale ukakumana ndi mnzako patapita nthawi, mawu aulemu anali akuti, "Koma ndiye mwanenepa!" Iye ankamwetulira n'kuyankha kuti, "Ndi mtendere, asisi." Thupi linali lisiti, umboni woti bambo a kunyumba akusamala. Lero kayeseni mawu amenewo pa bridal shower ku Area 47, muone ngati mbale ya mpunga ikufikeni.

Mayi Tcheya a banki m'khonde yathu anatsanzika pa gulu la WhatsApp kuti akupita ku wekishopu ku Istanbul, masabata awiri. Tonse tinalemba kuti ayende bwino, n'kuikapo timanja topemphera tija. Palibe anafunsa kuti munthu wogulitsa makatani a ku Dar es Salaam wekishopu yake ndi yophunzira chiyani. M'tauni muno funso limadikira mwini wake atuluke kaye pageti.

Amene anawaona potsika pa bwalo la ndege la Kamuzu ndi mlamu wa Mayi Tireja, woyendetsa takisi. Akuti anatuluka akuyenda chowerama ngati munthu wofunafuna ndolo yomwe yagwa, zikwama atanyamula ena, mimba ija tinkaidziwa tonse itaphwa. Za kumtunda, mlamuyo poti ndi mkulu wa mpingo, anangoti, "Pachifuwa pafika chitukuko."

Apa ndiye panavuta. Mwambo umati wodwala amazondedwa. Koma umamuzonda bwanji munthu wochokera ku wekishopu? Tinakambirana pa gulu lina la WhatsApp, lija mulibe Mayi Tcheya. Gulu lililonse la amayi lili ndi mng'ono wake wotere, ndipo ngati inu simukumudziwa ndiye kuti anabadwa chifukwa cha inu. Tinagwirizana kuti sitikukazonda, tikukalonjera. Koma katundu wake anali yemwe uja: Sobo, mpunga wa Kilombero ndi nkhuku ya lokolo.

M'galimoto tinali asanu, ndipo mwayi wake mmodzi wa ife ndi namwino. Tisanafike n'komwe pa raundabauti anali atayamba kale kalasi.

"Amacheka kuchokera pa fupa la chiuno ili mpaka linali, m'munsi momwe kabudula wamkati amaphimba. Kenako amasenda chikopa kukwera nacho mpaka kunthiti, n'kusoka minofu ija imatalikirana mayi akakhala ndi pakati. Akatero amachikoka chikopacho ngati akuyala bedi, chotsala n'kudula."

"Nanga mchombo?" ndinafunsa ine, dzanja lili pa wanga.

"Umakhala pomwe unali. Amangoubowolera windo latsopano."

Za mabere anati amalowetsamo timatumba ta silikoni, ndipo muyezo wake ndi wa ma cc. Ukamva kuti 300, ndiye botolo limodzi la Fanta mbali iliyonse. Ntchitoyi inayambira ku Houston mu 1962, madokotala ake Thomas Cronin ndi Frank Gerow, ndipo asanakhudze munthu anayesera kaye pa galu wotchedwa Esmeralda. Mayi woyamba kuikidwa, Timmie Jean Lindsey, wa ana asanu ndi mmodzi, anapita kuchipatala kukangofufutitsa tattoo ya pachifuwa. Anavomera zinazo atamulonjeza kuti amukonzanso makutu ake otambasuka. Ndiye kuti basera si wa kumsika wa tomato kokha.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anatero Mayi Tireja. Ananena mawuwa mwapang'onopang'ono, osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa lamba wa pakaunjika amene anamanga m'kati mwa diresi sankawalola kupuma ndi kuyankhula nthawi imodzi. Sindikuwaseka. Wanga ndinali nditamasula ngowe ziwiri titangokwera.

Anamwino anavomera kuti nyerere zilimo ndithu. Timatumbato si ta muyaya, timatha kuphulika kapena kuuma, munthu n'kubwereranso pa mpeni. Kampani ina ya ku France, PIP, inkathiramo silikoni wa m'mafakitale mpaka inagwidwa mu 2010, ndipo mwini wake, Jean-Claude Mas, anagamulidwa zaka zinayi mu 2013. Mkazi wa pulezidenti wa Nigeria wa panthawiyo, Stella Obasanjo, anamwalira ku Spain mu 2005 atangochitidwa opaleshoni yochotsa mafuta, ndipo ameneyo sanali munthu wosowa ndalama. Ngakhale kukwera ndege ulendo wautali mabala ali aawisi, anati, n'kuputa magazi kuti aundane m'miyendo.

M'galimoto munangoti zii. Tinadutsa mahampu awiri. Pa lachitatu mawu anachokera kumbuyo:

"Koma ndi zingati?"

Yankho linali lakuti kumeneko kwacha saidziwa, amafuna madola kapena mayuro. Madola omwe aja ukapita kubanki amakuuza kuti ubwerenso sabata yamawa, ndalama yathu itagwa kale ndi 44 peresenti mu November 2023. Makolo ankati ukaipa dziwa nyimbo. Masiku ano dziwa munthu wosintha ndalama.

Tinawapeza Mayi Tcheya ali pa sofa, osakhala osagona, mapilo kumsana, mapilo kunsi kwa mawondo, atavala chidiresi chonga tenti ya pamaliro. M'kati mwake munkaoneka lamba wa kuchipatala amene anamwino anatiuza kuti amavalidwa masabata asanu ndi limodzi. Tinapereka moni mmodzimmodzi, aliyense akuyesetsa kuyang'ana pamphumi.

"Wekishopu inayenda bwanji, Mayi Tcheya?"

"Yothandiza kwambiri. Taphunzira zambiri."

"Zikuoneka," anatero Mayi Tireja.

"Koma thupili mwalitani, asisi?"

"Madzi ofunda a mandimu m'mawa uliwonse. Ndi kusala kudya. Kwinako ndi chisomo basi."

Tonse tinati ameni. Ine mandimu ndagula pa msika wa Lizulu zaka zambiri, koma ochotsa pansi n'kukaika pamwamba sindinawapezepo. Komabe ulemu wa m'tauni ndi umenewo. Iwo akudziwa kuti tikudziwa, ife tikudziwa kuti akudziwa, ndipo tiyi akumwedwa bwinobwino.

Zikanatha choncho pakanapanda geti kugogodwa. Analowa apongozi awo a Mayi Tcheya, kuchokera ku Dedza, osaimba foni, thumba la kachewere lili pa kabaza. Agogo aja anaima pakhomo n'kuyamba kuwerenga zimene maso awo ankaona. Mimba yaphwa. Yamangidwa. Chifuwa chadzaza. Munthu akulephera kudzuka. Amayi abwera ndi nkhuku. Anaponya kachikwama pansi n'kuimba nthungululu yomwe inadzutsa agalu a mzere wonse.

"Mwachira osandiuza! Mwana ali kuti? Ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

Munthu wosokedwa pamimba saseka, satsokomola, sayetsemula. Mayi Tcheya anakumbatira pilo, misozi ili mbwee, milomo ataluma. Agogo anaona ngati ndi ululu wa uchembere, n'kuitana mtsikana wantchito kuti ateleke madzi awathowe apongozi awo. Apa anamwino anadumpha ngati aponda moto, ndipo pofuna kupulumutsa mabala, wekishopu yonse inaululika, kuyambira fupa la chiuno ili mpaka linali.

Tinadikira chidzudzulo. Mayi Tireja anakhala bwino kuti amve. Koma agogo anangomasula chitenje pang'ono n'kutionetsa pamimba pawo: mizere ya mphini, yondandalikidwa bwino ngati mizere ya m'munda wa munthu wakhama.

"Kudzicheka pofuna kukongola mwayamba ndinu? Ife tinkagona pamphasa, lumo likuyenda, makala akutikitidwa, wopanda jakisoni. Kungoti ife tinkachekera kuti mwini wake azione ndi kuzigwira. Inu mwalipira ndege kuti chipsera mukachibise."

Kenako nkhope yawo inasintha.

"Nanga chikopa anadulacho mwabwera nacho?"

Mayi Tcheya anapukusa mutu.

"Mwasiya nyama ya thupi lanu kwa anthu osawadziwa ndi mfunda womwe? Kutsidya kwa nyanja?"

Palibe anaseka. M'chipindamo tinalimo amayi a madigiri, a magalimoto, oimba kwaya, koma ndikudziwa atatu amene akameta kusaluni amatola tsitsi lawo n'kuliika m'chikwama. Mmodzi ndine.

Nthawi yomweyo analowa bambo a panyumbapo, kuchokera kokadya mang'ina. Inayamba kulowa ndi mimba, eni ake pambuyo, lamba wa thalauza atamangira kunsi kwenikweni komwe dokotala wa ku Istanbul akanayambira kucheka. Mimba imeneyi sinatumizidwepo ku wekishopu iliyonse. Ya mwamuna m'tauni muno satchula kuti mimba, amangoti bwana. Alonda amaichitira sawasha, kubanki amaipatsa mpando.

Mayi awo anawayang'ana kuyambira kumutu, maso n'kuima pakati.

"Akazi ako ndamva, mulibe mwana. Nanga iwe, mwana wanga, uchira liti?"

Pilo sanathandizenso. Mayi Tcheya anaseka n'kulira, kulira n'kuseka, anamwino akuwagwira pamimba uku akukuwa kuti aliyense atuluke.

Loweruka lotsatira banki inakumana kwa Mayi Tireja. Opempha ngongole yaikulu anali atatu, ndipo pa mzere wa chifukwa onse anati wekishopu. Mlembi wa gululi ndine. Dzina lachitatu ndinalilemba ndi timalemba tating'ono kwambiri.