Mkamwini wa ku France ndi malume wodziwa zonse

Kuno ku chigwa cha Shire munthu sayenda padzuwa mwachisawawa. Mukaona bambo akudula msewu pa Ngabu masana a mwezi wa Okutobala, kutentha kutapitirira madigiri 40, dziwani kuti wanyamula uthenga wa maliro, kapena mbuzi yake yasowa, apo ayi akuthawa mwini ngongole. N'chifukwa chake mutu unandizungulira pamene mwana wa achemwali anga, amene anapita kusukulu kunja n'kubwerako ndi mwamuna, anandiuza kuti mkamwini wathuyo akufuna kuyenda m'tchire, kukwera bwato ndi kuona nyama, zonsezi mwa kufuna kwake, popanda womutuma.

Kwawo kwa mkamwiniyu ndi ku France, kumudzi ndithu, osati ku Paris. Akuti kumeneko kuli tinjira todutsa m'minda ya mphesa, topakidwa utoto pamiyala ndi pamitengo kuti munthu asasochere. Loweruka likakwana, anthu okhala ndi magalimoto awoawo amasiya galimoto pakhomo n'kuyenda wapansi tsiku lonse, madzulo n'kubwerera pomwe anachokera, opanda ngakhale kamtolo ka nkhuni. Anandifotokozeranso za mpikisano wa njinga wa Tour de France, umene unayamba mu 1903, woti anyamata amapalasa kukwera mapiri anthu n'kumawaombera m'manja. Ine ndinangomulozera chitunda cha Thabwa. Anyamata athu amakankha njinga zosenza matumba a makala kukwera pamenepo mpaka ku Blantyre, ndipo amene amawadikira kumtunda si oombera m'manja ayi, koma a zankhalango.

Udindo womuyendetsa unagwera ine chifukwa ndine malume, mwini mbumba, komanso chifukwa tsiku la chinkhoswe, thobwa litandikwana, ndinalengeza kuti palibe njira ya m'Chikwawa ndi Nsanje imene phazi langa silinapondepo. Zoona zake n'zakuti chigwachi ndimachidziwira pazenera la minibasi: Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula, ndipo paliponsepo ndikhoza kukulozerani pamene amaotcha bwino nyama ya mbuzi. Mayi a kunyumba anandikokera kuseri kwa khitchini.

“Abambo, inu ku Majete simunafikeko ngakhale pa geti.”

“Tsitsani mawu, mayi. Mlendo sakudziwa zimenezo.”

Pa geti la Majete ndinaphunzira kuti Mmalawi amalipira zochepa kusiyana ndi mlendo wakunja. Aka kanali koyamba kuti chiphaso changa cha unzika chindibweretsere phindu, ngakhale kuti zochepazonso analipira ndi mkamwini yemweyo. Titakwera galimoto yopanda mazenera yoonera nyama, ndinakonza kukhosi n'kuyamba kuphunzitsa. Ndinati njovu mukuziona apazi zakhala muno kuyambira makedzana, ndipo agogo anga ankazidziwa imodziimodzi. Mnyamata wolondolera alendo anadikira kuti nditsirize, kenako anati, “Pepani bambo, ndiwonjezereko pang'ono.” Kuwonjezera kwakeko kunali kugwetsa nyumba yonse imene ndinamanga. Anati m'zaka za m'ma 1990 opha nyama mozemba anali atazitheratu njovu za muno. Bungwe la African Parks litagwirizana ndi boma mu 2003 ndi pamene anayamba kubweretsamo nyama: zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012, anyamalikiti mu 2018. Ndiye kuti njovu zimene ndinkati ndi anzawo a agogo zinabwera pa lole, ine ndili kale ndi banja langa. Mkamwini anandiyang'ana. Ndinamuuza kuti sindinaname kwenikweni: agogo anali ndi mfuti yagogodela, ndipo nyama za ku Majete ankazidziwadi bwino, kungoti ankazidziwira mumphika.

Posakhalitsa njovu ina yaimuna inatulukira pathengo n'kuima pafupi ndi galimoto, ikukupiza makutu. Mkamwini anadzuka n'kumajambula, mwana wa achemwali akuseka. Ine anandipeza ndili kunsi kwa mpando, ndipo mpaka lero ndikunenetsa kuti ndinkafunafuna ndalama yachitsulo imene inagwa.

Pa mathithi a Kapichira ndinabwezako ulemu pang'ono, popeza nkhani ya David Livingstone ndinaiphunzira ku pulayimale ndi chikwapu. Ndinati, “Akamwini, mzungu mnzanu anafika pompano mu 1859 ndi sitima yake ya Ma Robert, madzi awa n'kumukaniza njira.” Iye anangoti kukamwa yasa, kusirira madzi akuthovoka m'miyala. Ine ndinkawayang'ana ndi diso lina. Pomwepa ndi pamene amapangira magetsi, ndipo namondwe wa Ana atagumula damu mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, tonse n'kukhala mumdima miyezi yambirimbiri. Mkamwini ankaona kukongola kwa chilengedwe, ine ndinkaona mwendo wa ng'ombe umene unandiwolera mu filiji.

Ku Lengwe, kufupi ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo, n'kumene ndinapeza masewera ondiyenera. Kumeneko amakulowetsani m'kanyumba kobisalira pafupi ndi dziwe, n'kukuuzani kuti mukhale chete osachita kanthu mpaka nyala ndi njati zibwere kudzamwa madzi. Kukhala pamthunzi osachita kanthu! Ntchito imeneyi ndakhala ndikuiphunzira moyo wanga wonse, mayi a kunyumba n'kumandinena, osadziwa kuti kunja anthu amaikwerera ndege. Ndinaigwira mwaluso kwambiri moti ndinagona. Akuti nyala zinafikadi, zokongola ndi mizere yake yoyera, koma zitamva mkonono zinaganiza kuti kanyumbako muli mkango.

Tsono za ku Elephant Marsh. Munthu wobadwira m'mbali mwa Shire amayenera kudziwa kusambira, koma ine mayi anga anandiopseza ndi ng'ona ndili wamng'ono, ndipo ndinawamvera kwambiri kuposa mmene iwo ankafunira. M'bwato ndinakhala phee pakati, ngati thumba la thonje lopita kumsika, manja onse atagwira m'mbali. Mkamwini anafunsa kumene kuli njovu za m'dzina la dambolo. Mwini bwato ndi amene anayankha, kuti Livingstone anawerengamo njovu pafupifupi 800, koma lero mulibemo ngakhale imodzi. Zatsala mvuu, ng'ona, nsomba ndi mbalame, ndipo chifukwa cha zimenezi mu 2017 dambolo linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Mkamwini anatulutsa buku la mbalame ndi zoonera patali. Kambalame kalikonse kali ndi tsamba lake, dzina la Chifalansa ndi lina la Chilatini. Atandifunsa mitundu ya mbalame imene ndimaidziwa, ndinati iwiri: zodyedwa ndi zosadyedwa. Nkhwazi ndinaiika m'gulu lachiwiri chifukwa cholemekeza boma.

Kenako anaona maluwa oyandama pamadzi n'kuyamba kuwajambula mbali zonse. Ndinamuuza kuti pansi pa maluwa amenewo pali nyika, imene anthu kuno amamira m'matope kukaizula chaka cha njala, ng'ona zili pompo. Ndinkaganiza kuti amva chisoni. M'malo mwake anapempha kuti alawe. Titafika kumtunda mayi wina anamupatsa yophika, iye n'kudya, n'kutseka maso, n'kunena kuti chakudya chimenechi kwawo akanachigulitsa m'malesitilanti apamwamba. Mwini bwato anandinong'oneza, “Achimwene, mlendo wanuyu ali bwinobwino?” Ndinati ali bwino, kungoti njala sanakumane nayo maso ndi maso.

Anafunanso kukaona Khulubvi, ku kachisi wa Mbona. Kumeneko ndinakaniratu. Si malo olowa ndi kabudula ndi kamera munthu usanagwade kwa akuluakulu osunga malowo, ndipo ine ndinadziwa kuti bodza limene linapulumuka kwa njovu silingapulumuke kwa mizimu.

Ulendo unathera pa doko la Nsanje, ndipo apa panalibe wondiwonjezera mawu, chifukwa mbiri yake ndinaiona ndi maso angawa. Mu Okutobala 2010, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anaitana Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia kudzatsegulira dokoli, kuti katundu azibwera pamadzi kuchokera kunyanja yamchere kudzera mu Zambezi ndi Shire. Chombo chimene khamu lonse linkadikira sichinafike, chinagwidwa ku Mozambique. Mkamwini anayendayenda pa simentipo, akuyang'ana mabwato a asodzi ndi ana akusambira, n'kunena kuti kwawo alinso ndi mabwinja otere, a nyumba za mafumu, koma awo anatenga zaka mazanamazana kuti afike pamenepa. Ndinamuuza kuti ife sitichedwa pa chitukuko.

Chimene sindinamuuze n'chakuti tsiku lotsegulira lija ine ndinalipo, nditavala suti, ndili ndi makireti a zakumwa zoziziritsa kukhosi zoti ndigulitse kwa amalinyero, ndipo mpamba wake ndinabwereka kwa mayi a kunyumba, ndalama zawo za ku banki m'khonde. Zakumwazo ndinamwa ndekha ndi anzanga pobwerera. Madzulo ake a ulendo wathu uja, mkamwini akuonetsa banja lonse zithunzi za dokolo, mayi anatenga foni, anaiyandikiza kumaso, kenako anatembenukira kwa ine pamaso pa alendo.

“Abambo, ndikuona sitima sinafikebe. Nanga ndalama zanga zija zikubwera pa chiyani?”