Ulemu kwa a Kapitawo osuzumira ka 99 pa sekondi

Pa maphwando a anthu olemba mapulogalamu amatamanda makompyuta othamanga ndi zilankhulo zatsopano, koma sindinamvepo wina ataimirira kuti tiombere m'manja a Profiler. Lero ndiomba ndekha. Akuluakuluwa ntchito yawo ndi kufufuza pamene pulogalamu ikutayira nthawi, ndipo kuti avomere kuyamba ntchito pa Java, Python kapena Node.js, pamafunika tiyi wambiri ndi mtima wa mlimi woyembekeza mvula yoyamba.

Taonani khalidwe la a perf, amene amayendera limodzi ndi Linux. Sakhala pamsana pa antchito tsiku lonse ayi. Amasuzumira, n'kulemba amene wagwira khasu pa mphindi imeneyo, n'kuchoka. Odziwa amawauza kuti azisuzumira ka 99 pa sekondi, osati ka 100, kuopa kuti angamafike nthawi imodzi ndi ntchito zoyendera wotchi n'kumapeza nkhope zomwezomwezo. Ndi kapitawo uti wa pa esiteti anayamba waganizapo motero? Anzawo ena akale a pa Java ankawerenga anthu pokhapokha makina akaima pa malo otchedwa safepoint, ngati kapitawo amene amalemba mayina pa mjigo basi, kenako n'kukanena kuti esiteti yonse imatha tsiku ikumwa madzi.

Koma chimene ndimawakondera kwambiri ndi kuvuta kwawo. Munthu waulemu wake salowa m'nyumba wamba. Uyambe wamasula loko wa perf_event_paranoid, dzina lonena za munthu wokayikira aliyense, ndipo ngati pulogalamu ili mu container ukapemphenso chilolezo kwa eni mudzi. Ukatero a Kapitawo amagwira ntchito masekondi 30, n'kukupatsa lipoti lodzaza manambala a hex ndi mawu amodzi obwerezedwa mpaka pansi: [unknown]. Kudzichepetsa kotani! Sing'anga wina akanangotchula dzina kuti alandire nkhuku yake. Iwowa akuti sindikumudziwa.

Chifukwa chake chilipo. Java ndi Node.js amasandutsa khodi kukhala malangizo a makina pulogalamu ili mkati moyenda, choncho ana obadwira panjirawa sali m'kaundula aliyense. Mayina awo ayenera kulembedwa mu kafayilo ka mu /tmp kokhala ndi nambala ya process. Node.js amalemba ukamuuza --perf-basic-prof. Java ankafuna mthandizi monga perf-map-agent. Python anadzaphunzira mwambowu mu 3.12, chaka cha 2023, ndi -X perf. Kale lipoti lonse linkaloza _PyEval_EvalFrameDefault, zomwe zili ngati kufunsa amene waba mbuzi n'kuyankhidwa kuti ndi munthu wa m'mudzi muno.

Mayina akapezeka, pamatsala mibadwo. Sikokwanira kudziwa kuti function yakuti ikudya nthawi. Uyenera kudziwa anaituma ndani, ndipo woitumayo anatumidwa ndi yani. Mzere umenewu umasungidwa ndi frame pointer, karejisita kamodzi kokha ka mu purosesa, kamene ma compiler anaona kuti kakungokhala n'kukapatsa ganyu ina. Zotsatira zake, function iliyonse inkaoneka ngati mwana wopanda malume. Brendan Gregg, ali ku Netflix, analimbikira nkhaniyi mpaka Java 8 update 60 inabwera ndi -XX:+PreserveFramePointer mu 2015. Fedora 38 ndi Ubuntu 24.04 nawonso anabwezera karejisitako pa udindo wake. Zaka zonsezi akatswiri akukangana za mpando wa kamwana kamodzi!

Mphotho ya wopirira ndi flame graph, chithunzi chonga malawi a moto chimene Gregg yemweyo anapanga mu 2011 akulimbana ndi vuto la MySQL. Mlendo amachiwerenga kuchokera kumanzere poganiza kuti ndi mmene nthawi yayendera, pomwe mayina angondandalikidwa motsata alifabeti. Mitundu nayo kawirikawiri ndi yokongoletsa chabe. Chofunika ndi kutambalala: wotambalala ndiye wadya ndiwo. Donald Knuth anaona kale mu 1971, pofufuza mapulogalamu a FORTRAN, kuti kachigawo kosafika 4 peresenti ka pulogalamu kamadya nthawi yoposa theka. Vuto ndi loti palibe amene amalota molondola kuti kachigawoko ndi kati.

Ine ndinalota garbage collector, wotola zinyalala. Sabata yathunthu ndinkamunena pa msonkhano uliwonse, mpaka anzanga anayamba kugwedeza mitu ngati ndaona maso a nkhono. Nditatha masiku awiri ndikunyengerera a Kapitawo, chithunzi chinatuluka. Wotola zinyalala wosalakwayo anali kamzere kowonda kumapeto. Pakati penipeni panatambalala phiri, ndipo pamwamba pake panali function imene ndinalemba ndekha, yokonza uthenga wa log umene sunkasindikizidwa n'komwe, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. A Kapitawo sananditonze. Anangoika dzinalo poyera, mnyamata wophunzira ntchito ataima kumbuyo kwanga.

Ndinakonza mizere itatu, pulogalamu inapepuka. Lolemba lake wina anasintha container, ndipo nditawaitananso akuluakuluwo, anandiyang'ana ngati sitinaonanepo n'kundipatsa [unknown] mpaka pansi. Ndinakateleka madzi a tiyi.